Galasi la m'mbali la Toyota 86 likulongolola, ndiyambire pati?

Lachiwiri

86 Yofiira: Mwadzuka bwanji akuluakulu nonse. Vuto langa ndi laling'ono koma landisowetsa mtendere. Toyota 86 yanga, ya 2013, yochokera ku Japan, galasi la m'mbali la kumanzere layamba kulongolola. Pa tala wosalala limakhala chete, koma ndikangoponda msewu wa zigamba kapena timahampu tija tondondozana, limayamba tetetete, mpaka kumveka mkati mazenera ali otseka. Chinanso, ndikapitirira 80 pa M1 zonse za m'galasimo zimanjenjemera, nyali za galimoto yakumbuyo zimaoneka zinayi. La kumanja lilibe vuto. Ndisanapite ku galaja ndimafuna ndidziwe kaye chomwe ndikukadandaula.

RX-8 Wosagona: Kwezani wailesi bwana, vuto latha 😂

Vitz Yokhulupirika: Pindani kakatoni ka machesi mutsekere pakati pa galasi ndi chigoba chake. Langa ndinatero, mpaka lero lili zii.

Premio wa ku Kawale: Super glue basi. Madontho awiri m'mphepete mwa galasi, nkhani yatha.

Makaniko wa ku Biwi: Ndadzuka bwino, kaya inu. A 86, chonde musathire kapena kutsekera kanthu kalikonse. Chomwe chikugwedera simunachidziwe, ndiye mumata chiyani? Galasi limenelo limayenda ndi kamota. Mukalimata ku chigoba ndiye kuti batani lowongolera mwalipha, kamotako kazingolira mkati mpaka timano ta magiya ake titatha.

Chitani izi. Injini ikhale yozima. Gwirani chigoba chonse ndi dzanja, muchikankhe kutsogolo ndi kumbuyo mofatsa, kenako m'mwamba ndi pansi. Maso akhale pa phazi, pomwe galasi lakumana ndi chitseko. Phazi likamasuntha limodzi ndi chigoba, manati a m'chitseko akhwefuka. Phazi likakhala nji koma chigoba n'kumasewera, vuto lili pakhosi, popindira paja. Mukatero ikani chala pakona ya galasi lenilenilo mukanikize pang'ono. Mundiuze ngati likulimbana ndi chala kapena likungogwedera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Chilichonse chomwe mwachita kumanzere mukachitenso kumanja, poti labwinolo ndi lomwe likuuzeni mmene lodwalali linayenera kukhalira.

Madala a Cruiser: Ana inu mumagula galimoto zokwawa pansi kenako mudzidabwa kuti zikuphwasuka. Zimenezo anazipangira misewu ya kwawo.

RX-8 Wosagona: Madala ayamba 😂

Mayi Altezza: Madala sakunama kwenikweni. 86 imatalikira pansi masentimita 13 okha, ndipo ngati ili pa matayala a 215/45 R17, sayizi yomwe ndili nayo inenso, khoma la tayala silikwana masentimita 10. Onjezani mashoko olimba aja. Dzenje lililonse limafika m'chitseko lonse lathunthu, palibe chophwetsa. Chomwe pa Cruiser chingakhwefuke patatha zaka, pa galimoto zathuzi sichichedwa. Koma kugulitsa galimoto chifukwa cha galasi ayi madala.

Madala a Cruiser: Ine ndangonena, mayi.

86 Yofiira: Ndayesa, a Makaniko. Phazi silikusuntha n'komwe. Chigoba ndiye chikusewera kutsogolo ndi kumbuyo, osati kwambiri, koma chikumveka kuti kho kho ndikachikankha. Cha kumanja chili gwa. Galasi lenilenilo nalo ndikalidina pakona ya pansi yakunja likulowa mosavuta kusiyana ndi linzake.

Makaniko wa ku Biwi: Ndiye kuti matenda alipo awiri. Wina pakhosi, wina kuseri kwa galasi. Limapinda ndi batani kapena ndi dzanja?

86 Yofiira: Ndi batani. Koma sindikonda kulipinda, pakhomo pali malo okwanira.

Wamagetsi wa ku Limbe: Pamenepo ndilowererepo. Inu simulipinda, koma alipo amene amakupindirani. Anyamata otsuka galimoto amalikankha ndi dzanja kuti apukute kuseri, olondera m'tauni amatero kuti njinga zidutse, wa kabaza nayenso akalikhudza ndi chigongono amangolibweza n'kupitirira. M'khosi mwa galasi lopinda ndi magetsi muli kamota, magiya, ndi sipuling'i yolimba yomwe imapanikiza timano tiwiri kuti tilumane. Anachita dala kuti galasi likagundidwa, timanoto tilumphe m'malo moti magiya athyoke. Vuto ndi loti munthu akalibweza ndi dzanja, pamaso limaoneka ngati labwerera pamalo pake, chonsecho timano sitinalumane. Likungoyandama. Mphepo ikaliomba kapena mukaponda hampu, ndi kho kho mukumvayo.

Musanamasule chilichonse yatsani kiyi, mudine batani lopinda, magalasi onse apinde mpaka atasiya okha. Dikirani kamota kakhale chete, kenako muwatambasule. Bwerezani kawiri kapena katatu. Kawirikawiri pamamveka kuti khwa, ndiye kuti talumana. Mabuku a magalimoto ambiri amanena zimenezi, kungoti athu ochokera ku Japan amabwera m'Chijapanizi, amangothera mu dashibodi.

Premio wa ku Kawale: Zoona? Ine ndimaona ngati likalira khwa ndiye kuti lathyoka.

Wamagetsi wa ku Limbe: Kulira kamodzi n'kukhazikika ndi bwino. Choopsa ndi kamota kolira kosalekeza galasi lisakuyenda, kapena koti kakafika kumapeto kazichita trrrr. Pamenepo giya ya pulasitiki yatha mano, ndipo ndi nkhani ina.

86 Yofiira: Akulu a ku Limbe, mwalasa. Ulendo woyamba la kumanzere linatsalira, kamota kanalira pang'ono lisanayambe kuyenda. Potambasula ndamva khwa. Pano chigoba chili gwa ngati chinzake, kho kho uja watha. Ndikaweruka ndiyesa pa msewu.

RX-8 Wosagona: Ntchito yaulere imeneyo. Akanakhala ku galaja akanakuuzani kuti lonse n'losintha.

Makaniko wa ku Biwi: Si magalaja onse, achimwene.

RX-8 Wosagona: Pepani akulu, inu mulibemo 🙏

Lachitatu

86 Yofiira: Mwaswera bwanji. Zasintha koma sizinathe. Kugunda kwakukulu kuja kwatha ndithu. Chatsala ndi kaphokoso kopyapyala, tsetsetse, ngati kanthu kakang'ono kakudumphadumpha mkati. Ndipo kunjenjemera kwa chithunzi kukadalipo ndikathamanga.

Mayi Altezza: Mwatsimikiza kuti kaphokosoko kakuchokera pa galasi? 86 zitseko zake zilibe felemu pamwamba, zenera limangotsamira pa labala. Zenera lotero likakhala lotsegula theka limalira lokha, ndipo khutu limanamiza, umaloza kwina phokoso lili kwina. Ine ndinaonapo munthu atagula galasi lonse, vuto lili kakilipi ka panelo ya chitseko.

Makaniko wa ku Biwi: Mayi anena zofunika. Njira yake ndi tepi ya mapepala ija amagwiritsa ntchito openta. Matani galasi ku chigoba, mizere iwiri yopingasa, muyende pa msewu womwe umaliritsa. Likakhala chete, vuto lili kuseri kwa galasi. Likapitiriza, chotsani tepiyo mumate chivundikiro cha utoto chakunja chija m'mphepete monse, muyendenso. Musamate zonse nthawi imodzi, simudziwa chomwe chaletsa phokoso. Ndipo pezani munthu akhale mpando wa kumanzere, atsitse zenera lonse, agwire chigoba ndi dzanja inu mukuyendetsa pang'onopang'ono. Dzanja limamva zomwe khutu silikumva. Inu oyendetsa maso pa msewu, osati kutambasuka kuti mugwire nokha.

Vitz Yokhulupirika: Komatu tepiyo ndi katoni yanga ija, zasiyana pati?

Makaniko wa ku Biwi: Tepi ndi yofufuzira, ikatha ntchito timachotsa. Katoni yanu ikanyowa ndi mvula imafufuma n'kukankha galasi mbali imodzi, kamota kamavutika.

86 Yofiira: Ndapita ndi mng'ono wanga. Nditamata galasi ku chigoba, kunjenjemera kwa chithunzi kwachepa kwambiri, koma tsetsetse uja akumvekabe. Mng'ono wanga akuti akumva kanthu kakugunda pansi pa chigoba, m'kati. Titaima anagogoda ndi chala pansi pake, kanthu kanadumpha.

Wamagetsi wa ku Limbe: Screw imeneyo. Yachoka pa kamota kowongolera galasi, yagwera pansi.

Makaniko wa ku Biwi: Inenso ndikuona choncho. Zonse ziwiri zikuchokera pamodzi: screw yagwa ikulira pansi, ndipo kona yomwe inkagwira yatsala lende. N'chifukwa chake pansi chakunja pamalowa mukadina. Galasi lichoke basi. Mungathe nokha ngati muli ndi mtima wodekha.

Imikani galimoto padzuwa kwa kanthawi, pulasitiki yofunda imapindika, yozizira imathyoka. M'mamawa wa mu Juni musayerekeze. Matani tepi pankhope ponse pa galasi kuti likasweka zidutswa zisamwazike, ndipo muvale magolovesi. Ndi batani, pendeketsani galasi liloze m'mwamba mpaka pansi paoneke mpata. Unikani ndi tochi ya foni: muona kuti galasi linamatidwa pa kambale kakuda ka pulasitiki, ndipo kambaleko kanakola pa kamota ndi makilipi. Chida chanu chilowe pakati pa kambale ndi kamota, osati pakati pa galasi ndi kambale. Apa ndi pomwe ambiri amaswera. Chida chikhale chapulasitiki, kapena sikuludiraiva yafulati yokulunga tepi kunsonga. Lowetsani mpaka pafupi ndi kilipi, mupotoze pang'ono, osanyamulira m'mphepete. Makilipi a pansi akamasuka, enawo savuta.

Likachoka musalikoke msanga. Ngati ndi la heater, kuseri kuli timawaya tiwiri. Gwirani pachitsulo pomwe talumikizika posolola, chifukwa mukakoka waya mumatula kachitsulo komatidwa pa galasi.

86 Yofiira: Ndikuchita mantha pang'ono koma ndiyesa Loweruka. Likasweka nditani?

Premio wa ku Kawale: Odula magalasi alipo, amakudulirani sayizi yomweyo.

Mayi Altezza: Amadula kalilole wa m'nyumba, ndipo ndi wafulati. Galasi la galimoto ndi lotukuka pang'ono kuti lizionetsa malo aakulu. Mukaika lafulati kumanzere, wa njinga yamoto yemwe ali m'mbali mwanu simumuona mpaka atafika pa chitseko. Ndiye 86 kumbuyo kwake n'kovuta kale kuona, timazenera take ndi tating'ono. Mu Lilongwe muno ndi makabaza achulukawa, ine sindingayerekeze.

Achimwene a ku Joni: Moni nonse, ndimangowerenga. Zikavuta musade nkhawa kwambiri. 86 inagulitsidwa kuno ku South Africa kuyambira 2012, ndipo chiwongolero chili kumanja ngati kwathu, ndiye zida zake zimapezeka, zatsopano ngakhalenso za galimoto zangozi. Galasi lokha ndi kambale kake limagulitsidwa palokha, simufunika kugula mutu wonse. Komanso kumbukirani kuti Subaru BRZ ndi 86 ndi galimoto imodzi, zonse amazipangira ku fakitale ya Subaru ku Gunma, injini yake FA20 ija ndi ya Subaru. Wogulitsa akati za 86 zatha, funsani za BRZ.

Koma chenjerani ndi za pa intaneti zochokera ku America. Kumeneko galimotoyi inkatchedwa Scion FR-S, chiwongolero chili kumanzere. Galasi lawo la kumanzere ndi la dalaivala ndipo limakhala lafulati. Mtengo umaoneka wabwino, koma likafika muona kuti si lanu.

Wamagetsi wa ku Limbe: Ndipo ngati mungadzafune mutu wonse, werengani mawaya a pa pulagi musanatumize ndalama. Lopinda ndi magetsi lili ndi mawaya ambiri kuposa lopinda ndi dzanja, la heater limaonjezanso ena. Kunja amafanana, koma pulagi ikasiyana mudzayamba kudula mawaya m'chitseko. Jambulani pulagi yanu, mutumize pamodzi ndi nambala ya chassis, ija yoyamba ndi ZN6.

Achimwene a ku Joni: Eya, ndi chaka chomwe, poti mu 2016 anaisintha nkhope ndi zina. Ndipo wotumiza akulunge bwino. Katundu wa pa basi kapena pa thiraki mpaka kudutsa pa Mwanza amaponderezedwa ndi matumba a anthu.

Madala a Cruiser: Galasi limodzi mpaka Joni, Japan, America. Langa ndi manati awiri ndi sipanala.

RX-8 Wosagona: Lanu madala limanjenjemera chigulireni, munangozolowera 😂

Loweruka

86 Yofiira: Latuluka lamoyo! Makilipi onse ali bwino. Mawaya a heater mulibe. Zomwe ndapeza ndi izi. Screw imodzi inalidi pansi pa chigoba, yachita kunyezimira chifukwa chogubuduzika. Ina ndaipeza yokhwefuka, ndaizungulitsa ndi zala zokha. Kamota konse kakugwedezeka ndikakagwira. Koma pomwe panachoka screw yagwayo, kachitsa ka pulasitiki komwe imalowamo kang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pakati. Ndikaibweza ikungozungulira osagwira. Ndiponso wina analowamo kale: pakona pali phala la silikoni louma, lodzaza fumbi, lomwe silikugwira chilichonse.

Makaniko wa ku Biwi: Ndimayembekezera. Amene analowamo anamangitsa screw mopyola, kachitsa kanang'aluka, n'kubisa ndi silikoni. Palani silikoni yenseyo achoke.

RX-8 Wosagona: Thirani Loctite, guluu woletsa ma screw kumasuka uja, pa ma screw onse, sadzamasukanso mpaka Yesu adzabwere.

Wamagetsi wa ku Limbe: Ayi ayi, pamenepo ayi. Loctite ndi ya chitsulo pa chitsulo. Ikakhudza pulasitiki ya mtundu wa ABS ndi ina yotere imaifooketsa, pakapita masiku mumapeza yang'aluka yokha. Mukathira pa tizitsa tabwinoto muonjeza matenda. Malo ake ndi pa manati a m'chitseko, ndipo ikhale yabuluu. Yofiira imafuna moto pomasula, ndiye moto pafupi ndi utoto wa chitseko?

RX-8 Wosagona: Ndaphunzira. Ine ndimathira paliponse.

Mayi Altezza: N'chifukwa chake simugona 😂

Premio wa ku Kawale: Nanga apa super glue sangagwire? Mng'alu ndi mng'alu.

Makaniko wa ku Biwi: Payekha sagwira. Akauma amakhala wophwanyika, ndipo screw ikamalowa imakankha makoma a kachitsa kuti atseguke, mng'alu umabwerera pomwepo. Uja wobwera ndi ufa wake, Q-Bond, amachitako bwino chifukwa amamanga thupi kunja. Koma pa malo onjenjemera, otentha ndi dzuwa tsiku lonse, ine ndimakonda epoxy wosakaniza machubu awiri, Pratley kapena wina wotere.

Chofunika kwambiri si guluu, ndi lamba. Kachitsako kamangidwe kunja kuti kasatsegukenso. Palani kunja kwake ndi sandipepa kakhale kokhakhala, pukutani ndi sipiriti, kaume. Tengani kawaya kopyapyala ka kopa, kosenda ku waya wakale wa magetsi, mukulunge mozungulira kachitsako kangapo, mupotokole ndi pulayala mpaka mng'alu utatsekeka. Kenako pakani epoxy pamwamba pa kawayako ndi patsinde. M'bowo muikemo pang'ono chabe ndi kamtengo ka machesi. Screw muipake Vaseline, muilowetse epoxy asanaume, osamangitsa. Vaseline amaletsa kuti isamatirire, ndiye epoxy akauma amasiya mizere ya screw m'bowomo. Siyani usiku wonse. Zolemba pa paketi zoti amauma m'mphindi zochepa zisakupusitseni, kuuma pamwamba si kulimba.

Wamagetsi wa ku Limbe: Yang'ananinso mkati mwa chigoba, pamakhala zilembo zodinda zosonyeza mtundu wa pulasitiki, monga ABS, PA kapena PP. Ikakhala PP, epoxy sagwira bwino, amamatuka. Pamenepo chimagwira ndi kawaya ka a Makaniko, kapena kusungunula ndi soldering iron.

86 Yofiira: Zilembo pa chidutswa chimenechi sindikuziona, mwina zabisika kuseri kwa kamota. Ndichita zonse, kawaya ndi epoxy. Screw yokulirapo singathandize?

Makaniko wa ku Biwi: Yonenepa ing'alula kotheratu. Yotalikirapo pang'ono nthawi zina imathandiza ngati bowo likupitirira pansi, koma yezani kaye ndi kamtengo, mungabowole chigoba n'kutulukira kunja. Ndi epoxy yakaleyo ikwana.

Mawa pomanga, screw iliyonse muyambe mwaizungulitsa chobwerera m'mbuyo mpaka mumve kuti yagwera mu mzere wake wakale, kenako muzimanga. Mukangoikankha imadula mzere watsopano, ndipo pulasitiki imatha. Mangani ndi zala zitatu pa sikuludiraiva, osati ndi chibakera. Ikangolimba, siyani.

Vitz Yokhulupirika: Funso langa akulu. Nanga galasi likamatuka pa kambale kakudako? La mlamu wanga likulendewera, dzuwa la ku Salima linasungunula guluu.

Wamagetsi wa ku Limbe: Tepi yomata mbali zonse ya magalimoto, ya 3M yokhuthala ija. Chotsani zomata zakale zonse, pukutani ndi sipiriti mbali zonse ziwiri, matani, mukanikize ndi kansalu. Ngati mukufuna silikoni, nunkhizani kaye. Wonunkha ngati viniga ali ndi asidi, amadya chonyezimira cha magalasi ambiri, madontho akuda amayamba, ndipo amachititsa dzimbiri pa timawaya. Funsani wolembedwa kuti neutral.

Vitz Yokhulupirika: Zikomo, ndiwauza. Anali atagula kale wa m'bafa.

Mayi Altezza: A 86, galasi likadali kunja, onani ngati kuseri kwa kambale kuli kachitsulo kopyapyala kapena kasipuling'i kokhudza khoma la chigoba. Magalasi ena amakhala nako, ntchito yake ndi kuletsa kunjenjemera. Kakapindika sikakhudzanso khoma. Komanso tsukani fumbi lonse mkatimo, ndipo timabowo ta pansi totulutsa madzi titseguke mvula isanayambe.

Wamagetsi wa ku Limbe: Ndipo pa timipira tomwe kambale kamazungulirapo pakani girisi wa silikoni pang'ono. Mafuta opopera aja osathira, amatsuka girisi wa ku fakitale n'kusiya pouma.

86 Yofiira: Popeza ndayamba kale, ndichotsenso panelo ya chitseko ndione manati?

Makaniko wa ku Biwi: Munati phazi silikusuntha. Chosadwala musachipatse mankhwala. Pa 86 galasi linakhala pa chitseko penipeni, osati pakakona ka zenera, ndiye kuti mufike pa manati muyenera kuchotsa panelo yonse. Makilipi a panelo ya zaka zoposa khumi amathyoka, mukatero mwachotsa phokoso limodzi n'kubweretsa atatu. Tsiku lomwe phazi lidzasunthe tidzakambirana. Manatiwo kawirikawiri amakhala atatu a sipanala ya 10, omanga mofatsa, ndipo pepala la pulasitiki lotchinga madzi m'chitseko limabwezeretsedwa momwe linalili, apo ayi mvula ilowa mpaka pa sipika.

Lolemba

86 Yofiira: Mwadzuka bwanji nonse. Ndinamanga dzulo titachoka ku tchalitchi. Screw inagwira bwinobwino, kamota kali nji. Galasi ndinalibweza pokanikiza pakati ndi kansalu, makilipi analira onse. Batani likuyendetsa mbali zonse zinayi. Ndinapita mpaka ku Nathenje n'kubwerera: tetete kulibe, tsetsetse kulibe, pa 80 ndikutha kuwerenga nambala ya galimoto yakumbuyo. A Makaniko, a ku Limbe, Mayi Altezza, Mulungu akudalitseni. Fanta wanu ali kwa ine.

Koma pali kena. Pakati pa 100 ndi 110 magalasi onse awiri, ndi la mkati lomwe, akunjenjemera pang'ono, ndipo ndikukumva m'chiwongolero. Ndikapitirira kapena kutsika, zikutha. Kale sindinkazindikira chifukwa maso anali pa la kumanzere.

RX-8 Wosagona: Injini ya Subaru imeneyo bwana, bwerani ku rotary, injini ya RX-8 yangayi, mudzaone kusalala.

Achimwene a ku Joni: Kusalala kwake pa ulendo wopita kogula oyilo 😂

Makaniko wa ku Biwi: Si injini. Ikanakhala injini kapena mamaunting'i ake, bwenzi zikutsatira ma rev, ngakhale galimoto itaima. Yesani: ili chiimire, pondani mafuta pang'onopang'ono mpaka 3000, muone magalasi. Akakhala bata, injini ilibe mlandu. Kunjenjemera kobwera pa liwiro limodzi n'kutha mukalidutsa ndi kwa mawilo. Poti mukukumva m'chiwongolero, ndi akutsogolo. Kabalansitseni matayala. N'kutheka kuti n'komwe kunathandizira kugwetsa screw ija, ndiye mukakusiya epoxy wanu agwira ntchito yolemetsa.

Madala a Cruiser: Komanso 110 pa M1 mukuthamangira kuti? Mbuzi za pa Nathenje simukuzidziwa?

86 Yofiira: Ndamva madala, kunali kuyesa chabe 🙈 A Makaniko, ndayesa chiimire, magalasi ali phee.

Mayi Altezza: Akamabalansa muime pomwepo muone wilo likuzungulira pa makina. Marimu a 17 amapindika mkombero wamkati, womwe suoneka wilo lili pa galimoto. Ena amangounjika timiyala ta mtovu mbali imodzi mpaka makina alembe ziro, rimu ili yopindika. Ziro wa makinayo pa msewu sathandiza. Ndipo auzeni achotse timiyala takale ndi matope ouma a mkati mwa rimu asanayambe.

86 Yofiira: Ndabwerako. Mayi munalosera. Wilo lakutsogolo kumanzere timiyala take tinathothoka, pangotsala zomata, ndipo rimu ili ndi kopindika pang'ono mkati. Poizungulitsa imaoneka ikuvina. Anyamata akuti angathe kuiwongola ndi hamala.

Makaniko wa ku Biwi: Hamala pa rimu ya aluminiyamu ayi. Yachitsulo imalola, iyi imang'aluka, nthawi zina mng'alu wosaoneka ndi maso, mudzangoona mpweya ukutha usiku uliwonse. Pitani nayo kwa omwe ali ndi makina owongolera marimu, ndipo aiyang'ane ngati ilibe mng'alu asanayambe. Ikakhala nawo, imeneyo yatha ntchito, funani ina. Tayala lakenso alichotse aone khoma lake mkati ndi kunja. Dzenje lopinda rimu limadula ulusi wa tayala, ndipo chotupa chimayambira mbali yamkati.

Achimwene a ku Joni: Ikakanika mundiuze, marimu a 86 ndi 5x100 (mabowo asanu a manati, pa bwalo la mamilimita 100), ofanana ndi a Subaru zambiri. Imodzi yokha imapezeka.

86 Yofiira: Pakadali pano ndingaliike kumbuyo wiloli?

Makaniko wa ku Biwi: Ngati tayala lilibe chotupa, libalansidwe, liikidwe kumbuyo mbali yomweyo ya kumanzere, muziyenda za m'tauni zokha mpaka rimu itakonzedwa. Chiwongolero chisiya kunjenjemera koma muzikumva pa mpando. Kumbukirani kuti 86 imakoka ndi mawilo akumbuyo, ndiye za Nathenje ziyambe zaima. Likakhala ndi chotupa, ngakhale chaching'ono, lisabwerere pa galimoto.